Bambo a kunyumba akufuna kugula mfuti, ine mtima ukukana

Mayi a Tadala, Indianapolis:
Abale anga, mwaswera bwanji konse muliko. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata ino, chonde musandiseke. Lachitatu Tadala anabwera kuchokera kusukulu ali duu, nsima anangoitsina kawiri n'kusamba m'manja. Amene mumamudziwa mwanayu mukudziwa kuti pakamwa pake sipatsekeka. Usiku ndikumusambitsa m'pamene anandiuza kuti ndimumasule mikanda ya m'mutu. Ndinadabwa, poti ndinali nditamuluka Lamlungu lomwelo, maola atatu athunthu mpaka msana kuwawa. Akuti kusukulu aphunzitsi anazimitsa magetsi, n'kukhoma chitseko, ana onse n'kuwaunjika pakona kuseri kwa shelefu ya mabuku, kuyeserera mmene angabisalire munthu wa mfuti atalowa. Ndiye iye akangotembenuza mutu mikanda imalira, mpaka kamnzake kena kanamunong'oneza kuti "iwe utipezetsa". Mwana wa zaka 6, abale.

Tsono bambo ake atamva zimenezi, m'malo mondithandiza kudandaula, akuti ndiye basi agule mfuti. Galimoto yathu aiswa kawiri chaka chino pano pomwe tikuchita lendi, green card, chiphaso chokhalira kuno ku America mokhazikika, inatuluka chaka chatha, ndiye akuti palibe chowaletsa. Aona kale kapisito kena m'shopu. Inu amene mwakhalitsa kuno tandiuzeni zoona: mfuti m'nyumba momwe muli mwana ndi chitetezo, kapena ndi kuweta njoka?

Kondwani, Lilongwe:
Alamu, ingobwererani kuno. Ife timagona ndi chikwanje kumutu, chilibe loko, chilibe chiphaso, mmawa timasadzira nkhuni.

Mayi Chirwa, Glasgow:
Kondwani, nkhani ya mwana imeneyi, taleka zachibwana.

Malume Jere, Fort Worth:
Mayi a Tadala, pepani ndi za mwanayo. Koma mundilole ndilankhule ngati munthu amene ali nazo, poti pagulu pano ndikudziwa kuti ambiri angokuopsezani. Ndakhala ku Texas zaka 19. Ndili ndi ziwiri, pisito ya 9mm ndi ina yaitali yosakira agwape mu November. Ana anga atatu akulira m'nyumba momwemo ndipo palibe amene anaigwirapo ine kulibe, chifukwa zimagona m'sefa yachitsulo yomangirira pansi ndi mabawuti, imatseguka ndi chala changa chokha.

Chimene anthu akumudzi samvetsa n'chakuti dziko lino funso loti mfuti zikhalepo kapena ayi linatha kalekale. Mu 2018 bungwe la Small Arms Survey linawerengera kuti anthu wamba ku America ali ndi mfuti pafupifupi 393 miliyoni. Zikuposa anthu eni ake. Wakuba sapita kukalemba fomu. Ndiye inu mukakana, simunachotse mfuti m'dziko, mwangoichotsa m'nyumba mwanu mokha.

Kum'mwera kwa tawuni yanu yomweyo, ku Greenwood Park Mall, pa 17 July 2022 munthu anatuluka m'chimbudzi ndi mfuti yaitali n'kupha anthu 3. Mnyamata wa zaka 22, Elisjsha Dicken, amene ankangogula zinthu ndi chibwenzi chake, anamugwetsa m'masekondi 15. Pakanapanda iyeyo, mitembo ikanakhala ingati? Ndipo lamulo la ku Indiana lolola kuyenda ndi pisito popanda chiphaso linali litangoyamba kugwira ntchito pa 1 July, masabata awiri okha m'mbuyomo.

Dalitso, Maryland:
Malume, ndisanalowe mu mkanganowo ndichenjeze kaye anthu ena amene akuwerenga mwakachetechete. Bambo a Tadala ali ndi green card, iwo lamulo likuwalola. Koma amene muli pa visa ya sukulu kapena yongodzacheza, lamulo la dziko lonse limakuletsani kukhala ndi mfuti ngakhale chipolopolo chimodzi, kupatula njira zochepa monga kukhala ndi chiphaso cha ulenje. Amene mapepala anakutherani ndiye musayandikire n'komwe. Chilango chimafika zaka 15, mukatuluka ndege ikukudikirirani. Musatengeke ndi anzanu a kuntchito.

Kugula m'shopu kumayenda chonchi: mumalemba fomu yotchedwa 4473, wogulitsa n'kufufuza dzina lanu kwa a FBI kudzera mu NICS, ndondomeko yomwe inayamba mu 1998. Nthawi zambiri ndi mphindi zochepa. Pisito m'shopu amagulitsa kwa wa zaka 21, koma mfuti yaitali kwa wa zaka 18. Chimene anthu amakangana kwambiri ndi chakuti munthu wamba akamagulitsa yake kwa mnzake, m'madera ambiri safunika kufufuza chilichonse.

Mayi Chirwa, Glasgow:
Ine ndimagwira ntchito ndi mayi wina wachiScot amene anakulira kufupi ndi tawuni ya Dunblane, kuno ku Scotland. Mpaka lero mwezi wa March ukafika amakhala wosasangalala. Pa 13 March 1996 bambo wina analowa m'holo ya masewera pasukulu ya pulayimale kumeneko n'kupha ana 16 a zaka 5 ndi 6 pamodzi ndi mphunzitsi wawo. Anali ndi mapisito anayi, onse a chiphaso, onse ovomerezeka. Andy Murray wa tenisi uja anali mwana pasukulu yomweyo tsiku limenelo. Makolo sanangolira, anayenda ndi chikalata mpaka anthu oposa 700,000 anasainira, ndipo pofika kumapeto kwa 1997 boma linali litaletsa anthu wamba kusunga mapisito. Chichitikireni zimenezo kuno sikunaonekenso zoombera ana pasukulu ngati zija. Adzukulu anga kusukulu amayeserera zothawa moto, osati zobisala kuseri kwa shelefu.

Ku Australia mu 1996 momwemo, munthu wa mfuti atapha anthu 35 ku Port Arthur, nduna yaikulu John Howard, yemwe sanali munthu wofewa ayi, anagula mfuti pafupifupi 650,000 kwa anthu n'kuziphwanya. Nanga aku America ndi anthu a mtundu wanji oti ana 20 anaphedwa ndi mfuti pasukulu ya Sandy Hook mu 2012 koma iwo osasintha kanthu?

Malume Jere, Fort Worth:
Achemwali, nanga ku London achinyamata sakubayana mipeni tsiku ndi tsiku? Woipa mtima akafuna kupha amapeza chophera. Komanso Britain ndi chilumba, ndipo anthu ake sanakhalepo ndi mfuti zochuluka chonchi. Kuno mukalanda bwanji 393 miliyoni? Mudzagogoda khomo ndi khomo ku Texas? Ndani adzavomere ntchito imeneyo?

Mayi Chirwa, Glasgow:
Mipeni ikuvutadi achimwene, sindikana. Koma ndiuzeni munthu amene anapha anthu 58 usiku umodzi ndi mpeni ali pawindo la hotela, ngati zinachitikira ku Las Vegas mu 2017.

Kondwani, Lilongwe:
Tsopano mundiphunzitse ine mbuli. Bwanji pulezidenti wawo sangolengeza pa wayilesi kuti kuyambira mawa mfuti zonse zikaperekedwe kupolisi?

Dalitso, Maryland:
Sangathe achimwene, ngakhale atafuna. Nkhaniyi inalembedwa m'malamulo oyendetsera dziko mu 1791, ndime yomwe amaitcha Second Amendment. Ndi chiganizo chimodzi chokha, koma chili ndi mitu iwiri. Chimayamba ndi kunena kuti gulu la nzika zophunzitsidwa usilikali ndi lofunika kuti dziko laufulu litetezeke, kenako n'kumaliza kuti ufulu wa anthu wosunga ndi kunyamula zida usaphwanyidwe. Ndiye zaka zonsezi ena amagwira mutu woyambawo, kuti ufuluwo ndi wa gulu la asilikali, ena amagwira wachiwiriwo, kuti ndi wa munthu aliyense payekha.

Khothi Lalikulu linadula mlanduwu mu 2008, pa mlandu wa Heller, majaji 5 kwa 4. Anati munthu ali ndi ufulu wosunga pisito m'nyumba mwake podziteteza, ndipo lamulo la mzinda wa Washington loletsa mapisito linagwa. Mu June 2022, pa mlandu wa Bruen, anawonjeza kuti ufuluwo umatuluka nawe panja, ndiponso kuti lamulo lililonse latsopano la mfuti liyenera kufanana ndi malamulo amene dzikoli linali nawo kale m'mbiri yake. Tangoganizani, jaji wa lero azikafufuza zomwe ankachita anthu a nthawi ya mfuti za gogodera, zothira onga kukamwa, kuti aweruze za AR-15, mfuti yamakono yooneka ngati ya nkhondo. Mu 2024 anabwezako pang'ono pa mlandu wa Rahimi, majaji 8 kwa 1, kuti mwamuna amene khothi lamuletsa kuyandikira mkazi wake chifukwa cha nkhanza atha kulandidwa mfuti.

Kunyumba ya malamulo nakonso kuli chipika. Ku Senate bilu yotere imafuna mavoti 60 mwa 100. Miyezi inayi chichitikireni za ku Sandy Hook, bilu yongoti anthu azifufuzidwa pogula mfuti kumisika ya mfuti ndi pa intaneti inapeza mavoti 54, n'kufera pomwepo. Ndipo mfuti zina zooneka ngati za nkhondo zinaletsedwapo mu 1994, koma lamulolo linali la zaka 10 zokha, litatha mu 2004 sanaliwonjezere.

Malume Jere, Fort Worth:
Dalitso wafotokoza bwino, koma wasiya chifukwa chake. Anthu amene analemba ndimeyo anali atangomenyana ndi mfumu ya ku England. Ankadziwa kuti boma likakhala lokha ndi mfuti, anthu amasanduka nkhuku zake. Ife Amalawi tiyenera kumvetsa zimenezi kuposa wina aliyense. Pa 20 July 2011 anthu 20 anafa m'misewu mwathu, anawaombera ndani?

Aphunzitsi Gondwe, Zomba:
A Jere, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa mwaponda pamunda panga. Ine ulamuliro wa chipani chimodzi ndinauona ndi maso angawa, ndinaphunzitsa ana ndili ndi khadi la chipani m'thumba. Kamuzu sitinamuchotse ndi mfuti. Inayamba kalata ya mabishopu mu March 1992, kenako referendamu ya pa 14 June 1993, anthu n'kuima pamzere dzuwa likuswa mtengo. Ndipo amene ankatiopsa kwambiri sanali asilikali ayi, anali anyamata a MYP, anthu a chipani amene anapatsidwa mfuti. Anawalanda zida ndi asilikali a boma pa Operation Bwezani mu December 1993, ena n'kuthawira ku Mozambique ndi mfuti zawo. Zaka zotsatira, AK-47 zotsala pankhondo ya ku Mozambique zinalowa m'dziko muno, ndipo amene zinawapweteka ndi eni magolosale ndi anthu oyenda usiku, osati nduna.

Za pa 20 July ndimalira nazo mpaka lero. Koma tayerekezani tsiku lija achinyamata a ku Mzuzu akanakhala ndi mfuti m'manja. Mukuganiza kuti tikanaika maliro 20, kapena 200? Mu 2020 chisankho chinagwetsedwa ndi majaji asanu, palibe wamba amene anaomba mfuti.

Malume Jere, Fort Worth:
Aphunzitsi, ulemu wanu, za kwathu simunaname. Koma mbiri ya munthu wakuda kuno ndi ina. Ku Louisiana mu 1964 kunali gulu la abambo akuda lotchedwa Deacons for Defense, ambiri anamenyapo nkhondo, amene ankalondera omenyera ufulu usiku ndi mfuti zawo chifukwa a Ku Klux Klan, gulu la azungu lozunza anthu akuda, ndi apolisi anali pamodzi. Ndipo mukudziwa kuti lamulo loletsa kuyenda ndi mfuti yodzaza poyera ku California linabwera liti? Mu 1967, a Black Panther, gulu la anthu akuda lomenyera ufulu, atayamba kuyenda nazo, ndipo anasainira ndi Ronald Reagan, ali gavanala wa California. Malamulo a mfuti kuno nthawi zambiri amayambira pa ife. Ndiye wina akandiuza kuti ndisiye yanga ndidalire apolisi, ndimayamba ndamuyang'ana nkhope.

Dalitso, Maryland:
Zoona malume, koma nkhani yomweyo ili ndi msana wake. Philando Castile, ku Minnesota mu July 2016. Anali ndi chiphaso, anachita zonse mwa lamulo. Wapolisi atamuimitsa, iye mwaulemu anamuuza kuti bwana, ndili ndi mfuti. Patangopita masekondi ochepa anali ataomberedwa, chibwenzi chake chili pambali, kamwana ka zaka 4 kali kumpando wakumbuyo. Dziko lonse linaonera pa Facebook. Khothi linamupeza wapolisiyo wosalakwa mu 2017. Tsono bambo a Tadala, ndi Chingerezi chathu chija chomwe wapolisi amati bwerezanso, usiku, dzanja likupita kuthumba kukatenga layisensi ya galimoto. Ufulu ulipo papepala, koma suvala khungu lililonse mofanana.

Che Yusufu, Johannesburg:
Salaam abale. Ine ndine mlonda, ndagwira ntchito imeneyi zaka 11 kuno ku Joni, ndiye ndikuuzeni za mbali ino. Malamulo kuno ndi okhwima kwabasi. Lamulo la 2000 limati ukhale wa zaka 21, uphunzire kaye n'kupeza satifiketi, apolisi adzaone sefa yako, yodzitetezera ikhale imodzi yokha, ndipo chiphaso uzikonzanso zaka 5 zilizonse. Ife obwera opanda mapepala okhazikika ndiye sitiloledwa n'komwe. Koma usiku uliwonse timamva kulira ngati chimanga cha mbuliwuli. Lucky Dube anamuombera ku Rosettenville mu 2007 akutsitsa ana ake m'galimoto. Mfuti zimachokera kuti? Mkulu wina wa polisi, Colonel Chris Prinsloo, anagulitsa mfuti pafupifupi 2,400 zomwe zimayenera kuphwanyidwa, zambiri n'kukathera kwa zigawenga za ku Cape Flats. Anamugamula zaka 18 mu 2016. Ndiye a Chirwa, lamulo palokha si mankhwala ngati wosunga nkhokwe ndiye khoswe.

Koma a Jere musaombe m'manja. Pa ntchito yathuyi timadziwa kuti mlonda wa mfuti ndi amene amayamba kufa, chifukwa matsotsi amabwerera mfutiyo. Mnzanga wina wa ku Zimbabwe anamupha pageti, sanalowe n'komwe m'nyumba ya bwana, anangomuvula lamba n'kumapita. Ine ndimalondera ndi wayilesi ndi tochi, ndipo ndinakana dala kupita kukosi ya mfuti.

Thoko, San Antonio:
Malume atchula Greenwood, ine nditchule Uvalde, poti ndi ulendo wa ola limodzi ndi theka kuchokera pano ndipo ndinapitako kukaika maluwa. Pa 24 May 2022, mnyamata amene anali atangokwanitsa zaka 18 analowa pasukulu ya Robb ndi mfuti yomwe anagula mwa lamulo patangopita masiku ochepa chikwanitsireni zakazo. Anapha ana 19 ndi aphunzitsi awiri. Panafika apolisi 376. Anthu abwino, a mfuti, ophunzitsidwa, ovala zoteteza pachifuwa. Anadikira mphindi 77 asanalowe m'kalasimo, ana akuimba 911 ali mkati, makolo akukanizidwa panja. Ena mwa apolisiwo anadzanena okha kuti ankaopa mtundu wa mfuti yomwe mnyamatayo anali nayo. Patatha mwezi Biden, pulezidenti wa nthawiyo, anasainira lamulo loyamba lalikulu la mfuti m'zaka pafupifupi 30, lowonjezera kafufuzidwe ka ogula osakwana zaka 21. Koma msinkhu wogulira mfuti ngati ija ku Texas ukadali 18. Pomwe wogulira mowa ndi 21.

Malume Jere, Fort Worth:
Za ku Uvalde ndinalira nanenso, Thoko. Koma ukundithandiza kunena. Apolisi 376 analephera, ndiye mukuti ndiwadalire?

Thoko, San Antonio:
Ayi malume, ndikuti ngati 376 anaopa mfuti imodzi, mwina vuto ndi mfutiyo.

Sisitala NaMbewe, Houston:
Ndangoweruka, ndawerenga zonse ndili m'galimoto. Nonsenu mukukamba za mfuti ya mlendo, wakuba, wamisala wolowa pasukulu. Ine ndagwira ntchito kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi zaka 9, ndipo amene amabwera pa machira athu ambiri si a pa TV.

Mu 2021 anthu 48,830 anafa ndi mfuti ku America, malinga ndi a CDC, bungwe la boma loona za umoyo. Mwa amenewo, 26,328 anadzipha okha. Oposa theka. Ophedwa m'zipolowe zikuluzikulu zija ndi kagawo kakang'ono kwambiri. Ndipo kuyambira 2020 mfuti zinapitirira ngozi za pamsewu pa zinthu zopha ana ndi achinyamata m'dziko muno.

Chimene ndaona ine ndi ichi. Munthu akafika pothedwa nzeru, nthawi yoopsayo imakhala yaifupi, mwina ola limodzi. Ambiri amene amayesa njira zina timawapulumutsa, mawa lake amalira, amapepesa, ndipo ambiri sabwerezanso. Wa mfuti, pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse sitimuonanso ali moyo. Usiku wina anatibweretsera mnyamata wa zaka 15. Bambo ake anakhala pabenchi atavala sokosi imodzi, akungobwereza kuti kiyi ndinabisa, kiyi ndinabisa. Ana amadziwa pomwe timabisa chilichonse, ngakhale shuga kumudzi tinkamupeza.

Mayi a Tadala, musafunse kuti kunja kuli ndani. Funsani kuti m'nyumbamo mudzadutsa masiku otani m'zaka 15 zikubwerazi. Ntchito imatha, mabanja amakangana, mowa umalowa, mwana amakula n'kusweka mtima. Moyo wa kunja kuno mukuudziwa mmene umafinyira abambo athu, ndipo sanena. Amene zikukuvutani, imbani 988, nambala ya kuno ku America yothandiza othedwa nzeru, ndi yaulere usana ndi usiku.

Malume Jere, Fort Worth:
Sisitala, apa sinditsutsa. N'chifukwa chake ndimati sefa, ndipo zipolopolo pena. Amene sangagule sefa asagule mfuti. Makolo a mnyamata amene anapha anzake 4 pasukulu ya Oxford ku Michigan mu 2021 anawamanga onse awiri mu 2024, zaka 10 mpaka 15, chifukwa anamugulira pisito n'kuilekerera. Ndinagwirizana nacho chigamulo chimenecho.

Che Yusufu, Johannesburg:
Nanga ikakhala m'sefa, zipolopolo pena, wakuba akathyola chitseko 2 koloko usiku mumuuza kuti adikire?

Kondwani, Lilongwe:
Che Yusufu mwawapana malume pakona.

Malume Jere, Fort Worth:
Yanga imatseguka m'masekondi atatu. Ndimayeserera.

Bambo a Tadala, Indianapolis:
Moni nonse. Mayi a Tadala aiwala kuti pagulu pano ndilipo, ndiye poti mlandu wanga wazengedwa kale ndisanafike, mundilole ndiyankhepo.

Sindikufuna mfuti chifukwa cha matama. Mkazi wanga amagwira ntchito usiku kosamalira okalamba, masiku anayi pa sabata ndimagona ndekha ndi mwana. Ulendo wachiwiri uja ataswa galimoto ndinamva galasi likusweka, ndinasuzumira pawindo n'kuona anyamata atatu, mmodzi ali ndi chinthu m'manja. Ndinaimba 911. Kenako ndinamva mapazi pamasitepe athu. Ndinaima kuseri kwa chitseko nditagwira mpini wa mopu, mwana ali mtulo chipinda chinacho. Mpini wa mopu, abale. Apolisi pofika n'kuti anyamatawo atapita kalekale.

Ndipo si koyamba. Ku Ndirande mu 2009 analowa ndi zikwanje, anandimanga ndi waya wa ayironi, mayi anga akuona. Ndinalumbira kuti sindidzagonanso pansi chafufumimba munthu akuyenda m'nyumba mwanga. Aphunzitsi, Sisitala, zonse mwanenazi ndamva. Koma palibe amene wandiuza choti ndidzagwire m'manja tsiku limenelo.

Mayi a Tadala, Indianapolis:
Sindinaiwale kuti mulipo, bambo. Ndalemba dala, poti kunyumba mukangoti "ndaganiza kale" nkhani imathera pomwepo. Za mopu simunandiuzepo.

Mayi Chirwa, Glasgow:
Mwana wanga, wandimvetsa chisoni. Mantha ako ndi oona, palibe angakuseke. Koma taona, mkazi wako amalowa m'nyumba m'bandakucha, nthawi zina shifiti ikasintha amabwera pakati pa usiku osakuuza. Iwe uli ndi za ku Ndirande m'mutu, tulo tili m'maso, chitseko chikutseguka. Ndangoti ndinene.

Aphunzitsi Gondwe, Zomba:
Bambo a Tadala, funso lanu ndi lolemera ndipo sindinamizira kuti ndili ndi yankho lokwana. Kwathu kuno chimene chimathamangitsa mbava si chikwanje chomwe a Kondwani akunena, ndi mkuwo. Ukakuwa, mudzi wonse umatuluka. Kumeneko mwati anansi simudziwana ngakhale maina. Mwina mfuti ikulowa pamalo pomwe panayenera kukhala anthu.

Dalitso, Maryland:
Ndiwonjezere chimodzi cha mumzinda mwanu momwemo, poti malume amakhulupirira kuti malamulo alipo okwana, ena amati ingowonjezerani. Indiana ili ndi lamulo lolola apolisi kulanda mfuti kwa munthu woopsa kuyambira 2005, linatchedwa dzina la wapolisi Jake Laird amene anaphedwa chaka cha m'mbuyo mwake. Mu March 2020 mayi wina anakauza apolisi kuti mwana wake sali bwino, iwo n'kumulanda mfuti. Koma nkhaniyo sinapite kwa jaji, dzina lake silinalowe m'kaundula wa oletsedwa, ndipo miyezi yotsatira anakagula zina ziwiri m'shopu mwa lamulo. Pa 15 April 2021 anapha anthu 8 pamalo a kampani yotumiza katundu ya FedEx kufupi ndi bwalo la ndege, anayi mwa iwo a chipembedzo cha Sikh, obwera ngati ife tomwe. Mayi anachita mbali yake, lamulo linalipo, koma pakati pa ofesi ndi ofesi panali bowo.

Malume Jere, Fort Worth:
Mphwanga, ndikulankhula ndi iwe tsopano, osati gulu. Usagule mwezi uno. Munthu sagula mfuti ali ndi mkwiyo kapena mantha a dzulo, ndipo sagula mkazi wake asanavomere, chifukwa nyumbayo ndi ya awiri. Pita kaye kukalasi, ukaombe kumalo ophunzirira, ukamve mmene imakankhira dzanja ndi mmene imagonthetsera makutu. Ena amabwerako atasintha maganizo, ena ayi. Ukafunabe, sefa iyambe kufika. Ndiimbire Loweruka.

Che Yusufu, Johannesburg:
Ndipo pakadali pano gula chitsulo chotchingira chitseko mkati, ndi kamera ya pakhomo. Wakuba amadana ndi zinthu ziwiri, nthawi ndi kuwala. Izi ndiye ndikuzidziwa.

Bambo a Tadala, Indianapolis:
Ndamva malume. Lendi ikutha mu August, mwina tiyambe taona zosamuka. Koma sindinanene kuti ndasiya.

Mayi a Tadala, Indianapolis:
Zotsalazo tikakambira kunyumba. Koma Sisitala mwandipatsa ganizo lina. Loweruka Tadala waitanidwa kuphwando la tsiku lobadwa kwa mnzake wa m'kalasi, azungu, sindinalowemo m'nyumba mwawo. Ndingafunse bwanji ngati ali ndi mfuti osaoneka wamwano? Kwathu ukafunsa mwini nyumba zotere ndiye kuti wamutukwana.

Sisitala NaMbewe, Houston:
Kuno sadabwa nazo, madokotala a ana amalimbikitsa n'kulimbikitsa. Ine ndimatumiza uthenga pafoni, ndimayamba ndi zina: mwana wanga sadya mtedza, kodi muli ndi galu, kodi pali dziwe losambira, kenako n'kuponyamo kuti ngati muli ndi mfuti, kodi ndi yokhomera? Ambiri amangoyankha kuti inde ili m'sefa, kapena tilibe. Mmodzi yekha anakwiya, ndipo mwana wanga sanapiteko.

Kondwani, Lilongwe:
Ndiye Tadala sadya mtedza? Mwana wa ku Mchinji?

Mayi a Tadala, Indianapolis:
Amadya alamu, mpaka chiponde amanyambita ndi supuni. Ndiyambira pa galu. Mikanda ija ndinamumasula, taiika m'botolo, akuti adzavala sukulu akatsekera. Ndalowa shifiti, foni ndikusiya mu loka.